Chenji ya Nyumba Yanga ndi Ng'ombe Zinayi

Abusa, ndakulonjerani m'dzina la Ambuye. Amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, monire mose. Yewo, yewo chomene. Chitumbuka changa chathera pomwepo, mundikhululukire. Zaka zonsezi ndili kuno ku Chitipa koma lilime lidakali la ku Thyolo. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndineneretu kuti umboni wanga si wotsekemera. Amene mukudikira kumva kuti ndagula galimoto, pepani. Ndikayamba kulira mundisiye ndilire, akwaya musandiyimbire nyimbo kuti ndikhale pansi.

Kwa alendo, ine ndine mayi a Wezi, uja wogulitsa tomato ndi anyezi polowera mumsika. Amuna anga, malemu bambo a Wezi, kwawo kunali ku Chisenga. Tinakumana ku Limbe iwo akuyendetsa malole. Pokwatirana, abale awo anafunsa kuti ng'ombe zikhale zingati. Amalume anga anaseka mpaka misozi. Anati, “Ng'ombe tiziika kuti ife, m'munda wa tiyi? Kwathu mwana sitilowoletsa. Mumusamale basi.” Analandira nkhuku ndi bulangete, ukwati tinadalitsa ku tchalitchi. Ine ndinkati amalume andichitira ulemu. Sindinadziwe kuti kuno ndidzakhala mkazi waulere. Alamu anga aakulu, akulu awo a amuna anga, dzina langa linali lomwelo: “uja waulere.” Pa maliro, pa ukwati, ngakhale ndikuwapatsa madzi osamba m'manja.

Koma ndi amuna anga tinkakhala bwino. Tinamanga nyumba pano pa boma, ya zipinda zitatu, ya malata, njerwa zake ndinasenza ndekha pamutu Wezi ali kumsana. Kenako bambo anatopa ndi kuyendetsa malole a eni. Anatenga ngongole ku banki, nyumba ija n'kuika chikole, n'kugula lole yawo yoti azinyamulira chimanga ndi nyemba. Lole sinathe chaka. Inagubuduzika m'mapiri muja potsikira ku Karonga, ndipo bambo a Wezi anabwera m'bokosi. Lole inatsala zitsulo zokhazokha. Ngongole yokha ndiyo sinavulale.

Tinakaika maliro ku Chisenga. Dothi lisanaume pamanda, alamu anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, “Mulamu, za ngongolezo ife tikuzimanya yayi, sitikuzidziwa. Munkadya awiri, mumalize nokha. Koma mwana ngwithu, ndi wathu. Atsale kuno.” Wezi anali ndi zaka fifitini, ali folomu wani. Ndinagwada, ndinati alamu, mwana ali pa sukulu. Anati sukulu ziliko ku Chisenga. Ine mlendo, mutu wometa, wopanda m'bale ngakhale mmodzi woti andiyankhulire. Ndinakwera njinga yamoto ndekha, mwana wanga atagwira mtengo wa mango akundiyang'ana. Ndinadzinamiza kuti ndi za mwezi umodzi.

Abale, banki ilibe maliro. Makalata anabwera, loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ngongole ndi chiwongoladzanja chake zinafika naini miliyoni. Tomato angabweze naini miliyoni? Tsiku la okishoni linafika. Anthu anadzaza pabwalo langa ngati pali ukwati. Ankalowa m'chipinda changa chogona ndi nsapato, akugogoda makoma, wina akutsegula mpopi kuti aone ngati madzi akutuluka, wina akufunsa ine mwini wake ngati denga limadontha. Ena mwa iwo timadya nawo mgonero muno. Ayi, musaweramitse mitu, sinditchula maina. Mmodzi anandipeza nditakhala pa mtondo panja, n'kunena kuti, “Mayi, poti mukusamuka, mipando ija mundigulitse motchipa, muiika kuti?” Ndinamugulitsa. Amakhalapobe mpaka lero, ndipo Mulungu awadalitse msana.

Sindinadikire kuti ndimve mtengo. Ndinachoka akuyamba kukuwa manambala. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, komwe ufa umalowa ndi m'mphuno momwe. Mumtima ndinati zatha, banki yadya nyumba. Ndi mmene tonse timadziwira, si choncho? Kuti banki ikagwira, yagwira yonse.

Ndili m'kachipinda kaja, kunabwera mkazi wa alamu aang'ono kudzagulitsa nyemba kumsika. Ameneyo yekha ndiye ankandiona ngati munthu. Ananditengera kuseri kwa mabenchi, akuyang'ana uku ndi uku. Anati, “Mwamva za Wezi? Ku sukulu sanapiteko olo tsiku limodzi. Alamu aakulu alandira ng'ombe zinayi kwa bambo wina wa kufupi ndi malire, wa akazi awiri kale. Mwana ali komweko, akulima ndi mkazi wamkulu. Akuti akakolola chimanga amulowetsa m'nyumba.” Ndinafunsa kuti ng'ombezo zili kuti. Anati, “Zinapita kale. Alamu alowolera mwana wawo wamwamuna.”

Mukundimva, amayi anzanga? Mwana wanga anamusandutsa khola. Amayi ake aulere, koma iye wa ng'ombe zinayi. Tsiku limenelo chimanga chinali chikungomasula ngayaye. Kuyambira pamenepo ine sindinkawerenganso masiku pa kalendala, ndinkayang'ana minda. Chimanga chikamakula, ine ndikuuma.

Ndinapita ku Chisenga. Alamu anandithamangitsa ndi agalu. Anati amene akufuna mwana abweretse ng'ombe zinayi. Ine ngakhale nkhuku ndinalibe.

Tsopano tamverani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Sananditumizire mngelo ayi. Ananditumizira munthu wamwano. Mkazi wa amene anagula nyumba yanga ankakonda kugula tomato pa benchi langa, osati chifukwa tomato wanga ndi wabwino, koma kuti azindiona. Tsiku lina akusankha tomato, akumufinya mmodzimmodzi, anati, “Mayi, kodi munkakhala bwanji m'nyumba ija? Khitchini ngati khola la nkhunda. Tagwetsa. Sikisitini miliyoni yathu inangopita pa chibwinja.” Ananena mokweza kuti amsika onse amve. Anthu anaseka. Ine ndinamuikira tomato wa basera. Koma nambala ija inandikhala m'mutu. Sikisitini. Ngongole inali naini. Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma kuchotsera ndimatha, ndimabweza chenji tsiku ndi tsiku. Ndinadzifunsa kuti kodi banki imabweza chenji? Ndinadziseka ndekha, ndinati iwe, umphawi wakuzunguza mutu.

Sabata isanathe, ndani uyo pakhomo pa kachipinda kanga? Alamu! Atavala jekete, tambala kukhwapa. Munthu amene anandithamangitsa ndi agalu. “Mulamu, muli uli? Mwaonda chomene. Ife tikukuganizirani nadi.” Mulamu! Dzina la waulere laiwalika. Anakhala pa ndowa, poti mpando ndinalibe, n'kutulutsa pepala la Chingerezi. Anati, “Suzgo palije, palibe vuto. A banki akuti ngongole yatsalako, akufuna kukumangani. Sono ine ndati yayi, mulamu wanga asamangidwe, ndisenza ndine. Musaine waka apa.”

Abale, cholembera ndinachigwira. Ndinachigwira! Mantha a ndende si masewera. Koma maso anga anagwera pa tambala uja. Zaka zonsezi munthu uyu sanandipatseko ngakhale chinangwa chimodzi. Lero tambala? Ndinati, “Alamu, maso akundivuta, ndisaina mawa.” Anaumirira, anatuluka thukuta, koma pepala ndinali nditalilowetsa kale m'bulauzi. Analephera kulitsata kumeneko.

M'mawa ndinapita kwa mayi wina amene amalembera anthu makalata pa kompyuta pafupi ndi positi. Anawerenga, anavula magalasi, n'kundiyang'ana. Anati, “Mayi, mwasaina?” Ndinati ayi. Anati, “Gwadani muthokoze Mulungu. Pepalali likuti inu mukuvomera kuti alamu anu akatenge ndalama zotsala pa nyumba yanu. Banki ikagulitsa nyumba imatengapo ngongole yake ndi zolipira ogulitsa. Zotsalazo si zake, ndi za mwini nyumba. Mwini nyumba akamwalira, ndi za mkazi ndi ana.” Ndinafunsa kuti nanga bwanji ine sanandiuze? Kufufuza, kalata inalembedwa ndithu. Koma amuna anga potenga ngongole analembetsanso keyala ya kumudzi, bokosi la sukulu ya pulaimale ya kwawo, monga amachitira anthu onse a kumeneko. Nyumba itagulitsidwa, kalata inapita kumeneko, aphunzitsi n'kuipereka kwa mkulu wa banja. Alamu anakhala nayo miyezi iwiri m'thumba la jekete.

Aleluya! Nenani Amen, chifukwa kuyambira apa ndi mtunda wokhawokha.

Ndinapita ku banki. Anati zoona, ndalama zilipo, sikisi miliyoni ndi kakusefukira, koma sitingakupatseni m'manja chonchi. Bweretsani chikalata cha imfa. Ndinabweretsa. Bweretsani setifiketi ya ukwati. Inali m'sutikesi, mbewa zitadya ngodya, koma maina anatsala. Bweretsani chiphaso cha unzika, chikalata chobadwira mwana, kalata ya kwa DC yoti ndinu woyenera kulandira chuma cha masiye. Fomu ina inasainidwa malo olakwika, inabwerera kuchokera ku Mzuzu. Ine ndikuyenda, mapazi akung'ambika, benchi la tomato lili lokha. Ndipo m'minda chimanga chinali chitakhwima, anthu akuotcha mondokwa m'mbali mwa msewu.

Alamu atamva kuti ndadziwa, anakatsutsa kwa DC. Anatiitana tonse ku ofesi yoona za chuma cha masiye. Iwo anabwera ndi akuluakulu awiri a kumudzi ngati mboni, mmodzi ndi bambo awo aang'ono, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Ine ndinabwera ndi jumbo ya mapepala.

Alamu anaimirira, chifuwa patsogolo. “Bwana, uyu si mkazi wathu yayi. Ng'ombe olo imodzi sitinapereke pa iyeyu. Anangobwera waka ndi mng'ono wanga. Chuma cha mng'ono wanga ndi cha ife.”

Bwana wa mu ofesi, munthu wofatsa, analemba. Anafunsa, “Olo imodzi?”

“Olo mchira, bwana.”

“Malemu anasiya mwana?”

“Mmodzi, msungwana. Ali m'manja mwathu. Mwana ngwithu.”

Bwana uja anatembenukira kwa nkhalamba ija. Anati, “Adada, ine za lamulo ndikuzidziwa. Lamulo siliwerenga ng'ombe, setifiketi iyi yakwana. Koma tandiphunzitsani za kwanu. Pamene ng'ombe sizinapite, mwana amakhala wa ndani?”

Nkhalamba inayang'ana ndodo yake. Abale, anthu a kuno akhoza kukunamiza pa zambiri, koma munthu wamkulu sanama pa nkhani ya ng'ombe. Inati, “Ngwa nyina. Ngati ng'ombe sizinapite, mwana ndi wa amayi ake.”

Alamu anafuna kumeza mawu awo, koma anali atalembedwa kale. Pofuna ndalama anandikana, pondikana anataya mwana. Ine pamenepo ulemu unandithera. Ndinakuwa ofesi yonse kumva, ndinati, “Afunseni ng'ombe zinayi! Afunseni mwana wanga amugulitsa kwa ndani!” Ndinawatchula mawu ena amene sindingawabwereze pa guwa pano. Abusa, ndinalapa kale, koma kunena zoona sindinamve chisoni.

Nkhani inapita ku polisi tsiku lomwelo, alamu anawatsekera. Apolisi ndi a zosamalira ana anapita kukamutenga Wezi. Koma uthenga unawatsogolera. Anapeza m'nyumba mulibe munthu. Bambo wa akazi awiri uja anali atawolotsa banja lonse kupita kwa abale ake kuseri kwa Mafinga, mbali ya Zambia. Kumeneko malire ndi kamtsinje, mwana amadumpha. Aboma anandiuza kuti, “Mayi, dekhani, tikukambirana ndi anzathu a tsidya. Musapereke kanthu kwa munthu ameneyo, ndi wolakwa.” Ankanena zoona. Inunso abusa munandiuza chimodzimodzi, ndipo munkanena zoona. Koma kunabwera uthenga wapakamwa kudzera kwa mayi wa nyemba uja: “Ng'ombe zanga zibwere, mwana apite. Mukabwera ndi apolisi, simudzamuonanso.” Ndipo anthu anali atayamba kusanja chimanga m'mikukwe.

Ndinasala kudya. Sindinapemphere mapemphero okongola ayi. Ndinkangoti, Ambuye, chedwetsani kukolola, fulumizitsani banki. Chedwetsani kukolola, fulumizitsani banki. Lachinayi lina ndili pa benchi, foni inalira, ndalama zatuluka. Gawo la Wezi anati lisungidwe, ndi la sukulu yake, palibe wolikhudza, ngakhale ine. Gawo langa, firii miliyoni, linalowa m'manja mwanga.

Firii miliyoni, abale! Sindinagwirepo ndalama yotere chibadwire. Ikanandigulira puloti. Ikananditulutsa kuseri kwa chigayo. Inagona m'manja mwanga masiku awiri. Ndinapita kwa oweta ng'ombe, ndipo iwo ataona kuti ndi mzimayi wa ku Thyolo amene sadziwa kusiyanitsa thole ndi msoti, komanso ali pa changu, anandimeta bwinobwino. Ndinagula zinayi. Njerwa zonse ndinasenza zija zinasanduka nyama zinayi zoyenda ndi ntchentche.

Ndinalemba ganyu abambo awiri otsogolera ng'ombe. Tinafika pa kamtsinje ka m'malire dzuwa lili pamutu. Bambo uja anabwera, wa imvi, wamkulu kuposa malemu amuna anga. Sanandipatse moni. Anapita kwa ng'ombe. Anazitsegula kukamwa, anazigwira nthiti, anazikweza michira, mosafulumira, ine nditaima padzuwa. Anati iyi njowonda, zanga zinali zonona. Kenako anati, “Nanga chakudya? Mwana wanu wadya kwa ine miyezi isanu. Sopo. Mchere.” Mwana amene wamulimira munda wonse! Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulalatire, koma ndinakumbukira kuti mwana sindinamuone. Ndinagwada. Ine, kugwadira munthu ameneyo, pa miyala. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinamupatsa zonse zotsala, ndi za thiransipoti zomwe. Anawerenga kawiri, akunyambita chala.

Atatero anaimba likhweru. Tsidya lija kunatuluka mkazi wake wamkulu, Wezi ali pambuyo atanyamula jumbo. Mayi uja powoloka anandinong'oneza kuti, “Amagona m'nyumba mwanga masiku onse. Sanamukhudze.” Chimanga chawo chinali chisanalowe m'nkhokwe. Yesu! Yesu wanga! Kunatsala masiku owerengeka, abale.

Ine ndinkaganiza kuti mwana andithamangira. Sanathamange. Anaima patali pang'ono, atavala siketi yake ya yunifolomu yomwe ija, itasanduka sanza, manja ngati khungwa la mtengo. Anayang'ana ng'ombe zikuwoloka, anaziwerenga ndi maso. Ndinamukumbatira, thupi lake gwa ngati mtengo. Tinayamba kuyenda wapansi, poti ndalama ya njinga inali itapita. Tinayenda mtunda wautali. Kenako, osandiyang'ana, anati:

“Amayi, ndiye mtengo wanga ndi ng'ombe zinayi? Amalume anandigulitsa zinayi, inunso mwandigula zinayi?”

Abale, ndayankha a banki, ndayankha kwa DC, ndayankha apolisi pamene anandikalipira chifukwa cha ng'ombe zija. Funso ili lokha linanditseka pakamwa. Ndinangolira mumsewu ngati wamisala. Mpaka lero sindinamuyankhe.

Mlandu wa alamu uli ku khoti. Mundipempherere, chifukwa kukhululuka sindinafikepo, ndisanamize Mulungu m'nyumba mwake. Nyumba ndilibe, ndipo mwina sindidzakhalanso nayo. Ndikugonabe kuseri kwa chigayo. Koma pa mphasa paja tsopano tikugona awiri. Ndikuthokoza Mulungu amene anaika chenji pamene ine ndinkati palibe kanthu. Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira dzanja langa cholembera chili kale pa pepala. Ndikuthokoza Mulungu amene anachedwetsa kukolola. Mawa Lolemba mwana wanga akubwerera m'kalasi.

Wezi, ima mwanangu. Ima, usachite manyazi, wolakwa si iwe. Ndi uyo, abale, kumbuyo uko pafupi ndi zenera. Anandifunsa mtengo wake ndipo ine mawu ndilibe. Ndiye ndikupempha inu mundiyankhire. Imirirani nonse, ndi inu amene munagogoda makoma anga, imirirani, lero sindikukusankhani. Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja! Akwaya, tsopano imbani, imbani mpaka malata agwedezeke, kondwerani nane mpaka mwanayu amve yekha ndi makutu ake kuti palibe khola limene lingamukwane. Aleluya! Amen.